MWANA AKAYAMBA KUPHUPHA USIKU TISALINDE KUNJA KUCHE

 Ndathokoza kuti mwasiya makasu anu nyengo ino ya kupalira n'kubwera kudzakhala pansi pa mtengo uno, makamaka inu abambo, pakuti ambiri a inu mumati nkhani za ana n'za kusikelo, za amayi okhaokha. Lero mwachita bwino kubwera, chifukwa nkhani imene ndabwera nayoyi imachitika usiku, nthawi imene njinga ili m'manja mwanu, ndalama ili m'thumba mwanu, ndipo mawu otsiriza onse amadikira kuti achokere kwa inu.

Ine ndagwira ntchito ya unamwino m'boma lino la Mchinji zaka zambiri kufikira pamene ndinapuma, ndipo funso limene amayi andifunsa kawirikawiri kuposa ena onse ndi ili: "Anamwino, mwanayu usiku anadzuka akulira, thupi lonse likunjenjemera. Kodi sanayambe kugwa khunyu?" Ena amafunsa monong'ona poopa kuti anzawo pamzere angamve. Ena safunsa n'komwe, amangopita naye kwa asing'anga mwakachetechete. Tsono lero ndafuna kuti funso limeneli tiliyankhe poyera, tonse tikumva.

Ndiyambe ndi za kwathu, kuti musaganize kuti ndikuloza chala anthu ena. Mng'ono wanga wobadwa naye bere limodzi anali ndi mwana wamwamuna wa zaka ziwiri, wojintcha bwino, amene anali atangoyamba kuyankhula. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Mwanayo anatentha thupi masiku awiri, amayi ake n'kumamupatsa Panado wa pagolosale. Usiku wachitatu analira mokuwa kamodzi, kenaka anauma gwa, maso n'kutembenuka, manja ndi miyendo n'kuyamba kukoka. Alamu anga anali atapita ku Chipata kukagulitsa mtedza. Agogo a mwanayo anati izi si za kuchipatala, mwanayu amusempha, tidikire bambo wake ndi atsibweni ake. Anamufukiza, anamutema mphini, anamutsira mankhwala m'kamwa ali chikomokere. Pamene uthenga unkandipeza ine n'kuti dzuwa lili paliwombo, ndipo pamene tinkafika naye kuchipatala mwanayo sankamvanso ngakhale kumutsina. Magazi ake anapezeka odzaza ndi tizilombo ta malungo. Anatisiya usiku womwewo. Ine namwino ndinanyamula maliro a mwana wa mng'ono wanga, matenda ake ali oti mankhwala ake ndinkawagwira m'manja tsiku ndi tsiku.

Patapita zaka, mdzukulu wanga wamkazi wa msinkhu womwewo anandidzidzimutsa usiku wina titangogona kumene. Anakhala tsonga pamphasa, akukuwa ngati waona njoka, maso ali tong'o koma osandizindikira, thukuta lili kamukamu, akuponya manja ndi kunjenjemera. Mtima wanga unathamangira kwa mwana wa mng'ono wanga uja. Koma nditamukhudza, thupi silinali lotentha. Miyendo yake sinali kukoka. Patatha mphindi ngati khumi anagonanso yekha, ndipo m'mawa anadya phala lake n'kupita kosewera, osakumbukira kanthu kalikonse. Lero ndi mtsikana wamkulu, ali ku sekondale.

Ana awiri, onse analira ndi kugwedezeka usiku. Wina anafunika kuthamanga naye nthawi yomweyo, wina anangofunika kumukhalira pambali. Nkhani yanga yonse yagona pa kusiyanitsa zinthu zimenezi, ndipo ndizigawa panayi.

Choyamba ndi kudzidzimuka kutulo, kumene kunachitikira mdzukulu wanga. Kumeneku kumabwera kawirikawiri chigawo choyamba cha usiku, patangopita ola limodzi, awiri kapena atatu mwana atagona. Ubongo wake umakhala ngati wadzuka theka, theka lina likadali m'tulo tofa nato, n'chifukwa chake amakuwa maso ali otsegula koma osakudziwani, ndipo mukamunyamula amakukankhani. Thupi lake limakhala lofewa, amapuma bwino ngakhale mofulumira, milomo sisintha mtundu. Zimakonda ana otopa kwambiri, amene sanagone masana kapena agona mochedwa, ndipo zimayenda m'mabanja. Si ufiti, si mizimu, si khunyu, ndipo zimatha zokha mwana akamakula. Musamugwedeze kuti adzuke. Khalani naye pafupi, muonetsetse kuti sakugunda khoma kapena kuyandikira moto, adzagonanso. Palinso kulira wamba kwa mwana amene khutu likumupweteka, mano akumera, wagona ndi njala kapena walota zoopsa. Ameneyu amakudziwani, amakukangamirani, ndipo mukamutonthoza amatonthola.

Chachiwiri ndi kunjenjemera kwa kutentha thupi. Thupi likamayamba kutentha, mwana amamva kuzizira, mano amagundana, amadzipinda n'kumafuna chofunda. Tonse akuluakulu tinadwalapo malungo, tikukudziwa kunjenjemera kumeneku. Chizindikiro chake n'chakuti mukamuitana dzina amakuyang'anani, amalira mokudziwani, mukamupatsa bere kapena madzi amalandira. Uyu sanakomoke, koma kutentha thupiko kukufunika kuyezetsa magazi tsiku lisanathe.

Chachitatu ndi linjirinjiri, ndipo apa ndipemphe mutchere khutu. Mwana wa linjirinjiri sakuyankhani. Amauma thupi kapena kukoka manja ndi miyendo mobwerezabwereza, ndipo mukagwira mkono wake kukokako sikuleka. Maso amatembenukira m'mwamba kapena mbali imodzi, amakukuta mano, nthawi zina thovu limatuluka kukamwa, milomo imada, amadzikodzera. Nthawi zinanso linjirinjiri limabisala, mumangoona chala chimodzi, mlomo kapena chikope chikuphethiraphethira, mwana ali duu osayankha. Likatha amakhala wolefuka ndi watulo.

Ana ambiri a miyezi 6 mpaka zaka 5 amachita linjirinjiri chifukwa cha kutentha thupi kokha, kaya kwabwera ndi chimfine, khutu kapena zilonda za kukhosi. Madokotala amati mwa ana 100 alionse, awiri mpaka asanu zimawachitikira, ndipo mwa ana atatu amene zawachitikira, mmodzi zimadzamubwereranso akadzatenthanso thupi. Linjirinjiri lotere limatha msanga, kawirikawiri mphindi 5 zisanakwane, mwana amatsitsimuka, siliononga ubongo, ndipo ana ochuluka zedi sadzadwala khunyu. Amenewa ndi mawu otonthoza, ndipo ndi oona.

Koma abale anga, ife tikukhala ku Mchinji, pakati pa madambo a Bua ndi Rusa, kumene udzudzu sutha. Kuno linjirinjiri la kutentha thupi wamba ndi linjirinjiri la malungo a mu ubongo zimayamba mofanana, ndipo palibe mayi, palibe gogo, palibe sing'anga, ngakhale ine namwino, amene angazisiyanitse ndi maso usiku m'nyumba. Matenda oumitsa khosi nawonso amayamba chimodzimodzi. Kuchepa kwa shuga m'magazi a mwana amene wakhala osadya nakonso kumakomola. Zimenezi zimadziwika poyeza. Choncho lamulo lake ndi limodzi: mwana aliyense wotentha thupi amene wachita linjirinjiri apite kuchipatala usiku womwewo, ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kuseka.

Chachinayi ndi matenda a khunyu, amene ambiri mumawaopa. Timati mwana ali ndi khunyu pamene akugwa mobwerezabwereza, masiku osiyana, thupi lisanatenthe ndiponso popanda matenda ena amene amuyambitsa. Kugwa kamodzi ndi malungo si khunyu ayi. Ndipo ngakhale atapezeka nayo matendawa, mankhwala alipo, monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa anthu 10 odwala khunyu, pafupifupi 7 angathe kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera ndi kumamwa mosadumphitsa. Khunyu sapatsirana. Malovu a wodwala, thovu lake kapena mpweya umene watulutsa sizingakupatseni matendawa. Ndasamalira ana ambiri opsa manja ndi nkhope chifukwa anagwera pamoto anthu n'kuthawa m'malo momukoka. Ndaonanso ana anzeru akuletsedwa sukulu, akudyera m'mbale yawoyawo ngati akhate akale. Zimenezi ndi nkhanza zochokera ku umbuli, ndipo a Nyakwawa, ndikupemphani kuti m'midzi mwanu zitheretu.

Tsono tichite chiyani mwana akayamba kuphupha pakati pa usiku? Yatsani nyali kapena tochi ya pafoni kuti mumuone bwino. Muitaneni dzina. Mukhudzeni pamphumi ndi pamimba. Ngati sakuyankha ndipo akukoka, mugonekeni pansi chammbali, kutali ndi moto ndi madzi, kuti malovu ndi masanzi zituluke zisamutsamwe. Mumasuleni zovala zothina ndi kuchotsa mabulangete olemera. Musamupanikize kuti aleke kukoka. Musaike sipuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake, pakuti palibe munthu amene amameza lilime lake, koma mano amathyoka ndipo zala zimalumidwa. Musamumwetse kanthu kalikonse, kaya madzi, phala, Panado kapena mankhwala achikuda, kufikira atatsitsimuka bwinobwino, chifukwa zimene mwamutsirazo zimalowera ku mapapo. Musamufukize utsi, musamuthire madzi ozizira, musayandikize mapazi ake kumoto. Wina ayang'ane nthawi pafoni, chifukwa mantha amatalikitsa mphindi, ndipo dokotala adzafuna kudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ngati pali foni yojambula, wina ajambule pang'ono kuti mukaonetse kuchipatala. Pamene ena akuchita izi, bambo akhale akupopa njinga kapena akudzutsa wa kabaza.

Mphindi 5 zikakwana mwana akukokabe, musadikirenso kuti aleke, nyamukani naye ali chigonere chammbali. Chimodzimodzi ngati linjirinjiri labwereza, ngati sakutsitsimuka, ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, ngati akusanza chilichonse, ngati khosi lauma, ngati akupuma movutika, kapena ngati zikhatho ndi m'maso mwayera kusonyeza kuchepa magazi. Mwana wosakwana miyezi 6 akachita linjirinjiri, ngakhale thupi lisatenthe, ameneyo ndi wothamanga naye basi. Dziwaninso kuti Panado amangoziziritsa thupi, sapha tizilombo ta malungo ndipo saletsa linjirinjiri. Aspirin ndiye musapatse mwana wamng'ono.

Mwina wina afunsa kuti kodi kufulumira konseku n'kwa chiyani, poti kunja kucha posachedwa? Yankho lake linapezeka m'dziko mwathu momwe muno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi anzawo anafalitsa m'chaka cha 1989 njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa ana aang'ono, imene mpaka lero maiko ambiri amaitchula ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Pa chipatala chomwecho anadzaika makina ojambula ubongo, ndipo m'chaka cha 2015 analengeza zimene anapeza. Mwa ana 168 odwala malungo a mu ubongo amene anawajambula, 25 anamwalira, ndipo mwa amenewa 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa ulibe kothawira chifukwa chigaza ndi fupa, tsono umapanikiza malo amene amalamulira kupuma, mwana n'kuleka kupuma. Zimenezi sizitenga sabata, zimachitika m'maola owerengeka. Usiku umodzi umene tikudikira atsibweni ndi wokwanira.

Kafukufuku winanso wa ku Blantyre komweko, wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck ndipo wofalitsidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba kugwa khunyu pambuyo pake. Mukuona tsono pamene pagona nkhani. Ife timabisa mwana wa linjirinjiri poopa kuti anthu anena kuti ndi wa khunyu, chonsecho kuchedwa nayeko ndi kumene kumapatsa malungo mpata woononga ubongo ndi kumusiyira khunyu tikuiopayo. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Thandizo lili pafupi kuposa kale. Pamene ine ndinkayamba ntchito tinkadalira chloroquine, mpaka analeka kugwira ntchito. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar, ndipo mu 2007 tinasinthanso n'kuyamba LA. Kwa mwana wodwalitsitsa, jakisoni wa artesunate analowa m'malo mwa kwinini wa mudiripi. Muno mu Mchinji momwemuno ndi mmene anayeserera kupatsa alangizi a zaumoyo a m'zipatala za m'midzi zipangizo zoyezera malungo pa chala, pamodzi ndi artesunate wolowetsa kotulukira chimbudzi kwa mwana amene sangathe kumeza, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2016. Mankhwala olowetsawa samaliza kuchiza, amangogwiriziza mwana kuti akafike kuchipatala ali moyo. Mlangizi akamuika mankhwalawa, ulendo upitirire usiku womwewo ngakhale mwana aoneke ngati wapezako bwino. Kuchipatala alinso ndi mankhwala oletsa linjirinjiri, shuga wa m'mitsempha ndi magazi oonjezera, zinthu zimene kunyumba kulibe.

Pitani kumene kuli pafupi, kaya ndi ku Mkanda, Kochilira, Tembwe, Kapiri, Guilleme, Ludzi kapena ku chipatala chachikulu pa Boma. Inu a m'malire amene minda ndi abale zili mbali zonse ziwiri, ena mumathamangira ku Mwami, tsidya la Zambia. Udzudzu sudinditsa pasipoti, ndipo malungo a ku Chipata ndi omwewo a kuno. Chachikulu nyamulani buku la kusikelo la mwana kulikonse mukupita, kuti amene akumuona adziwe mankhwala amene walandira kale.

Kupewa nakonso kulipo. Pa 23 Epulo 2019 dziko lathu linakhala loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera ku sikelo, ndipo Mchinji inali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Katemerayu ndi wobaya kanayi, katatu mwana asanakwane chaka ndipo kachinayi akamayandikira zaka ziwiri. Kachinayika ndi kamene ambiri mumaiwala, poti mwana akayamba kuyenda mumati sikelo yatha. Bungwe la WHO linapeza kuti m'madera a Malawi, Ghana ndi Kenya kumene katemerayu anayambira, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Komabe katemera satchinga malungo onse, choncho mwana azigona m'neti usiku uliwonse. Neti imene mwatchingira nkhuku kapena mbewu za kudimba siteteza mwana wanu.

Ndisanakhale pansi ndinene za pakamwa pathu. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tinaphunzira kuti munthu wovala yunifolomu safunsidwa funso. Pa 14 Juni 1993 tinasankha nyali, ndipo mu 1994 tinavotera boma la zipani zambiri, koma ambiri a ife mantha aja tinalowa nawo m'chipatala mpaka lero. Mayi amalandira timapilisi m'kapepala, n'kugwada, n'kutuluka osadziwa chimene mwana wake akudwala. Safunsa anadya phula. Musanachoke pamaso pa dokotala funsani mwaulemu zinthu zitatu: mwapeza chiyani m'magazi a mwanayu, mankhwalawa amwe motani ndipo masiku angati, nanga ndikaona chiyani ndibwerenso? LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalize onse ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Mukapeza pachipatala palibe zoyezera, palibe mankhwala, ambulansi ilibe mafuta, kapena mwagogoda usiku osatsegulidwa, musangong'ung'udza pa chitsime. Kauzeni a komiti ya chipatala, a khansala ndi a phungu wanu, chifukwa mankhwala amenewo ndi a misonkho yanu ndipo kufunsa ndi ufulu wanu. Nafenso anamwino tiyenera kumva: mayi amene wabwera usiku ndi mwana n'kupezeka kuti kunali kudzidzimuka kutulo chabe, ameneyo ngoyenera kuyamikiridwa, osati kukalipiridwa. Mukamunyoza lero, mawa mwana akadzachita linjirinjiri lenileni adzalinda kunja kuche.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu kwa mudzi uno. Loyamba, abambo ndi eni mbumba, perekani chilolezo lero lino, masana ano, pamaso pa mafumu, kuti mwana akadzachita linjirinjiri inu kulibe, mayi anyamuke osadikira munthu, ndipo pasadzakhale mlandu. Lachiwiri, mudzi ukhale ndi thumba la ndalama ya ulendo wa usiku, ndipo aliyense adziwe khomo la wa njinga yamoto kapena wa ngolo amene angagogodedwe nthawi ina iliyonse. Izi si zachilendo kuno, magulu a amayi a MaiMwana anasonyeza kale m'boma lino kuti amayi akakhala pansi pamodzi amapeza okha njira zopulumutsira ana awo. Mutu umodzi susenza denga. Lachitatu likupita kwa inu agogo ndi asing'anga, amene anthu amayamba kugogoda kwa inu. Sindinabwere kudzanyoza miyambo yathu. Ngati pali nkhani ya tsempho kapena ya m'banja yofunika kukambirana, idzakambidwa mwana ali pabedi la kuchipatala, jakisoni atalandira. Mawu anu ndi olemera, mukanena kuti "thamangani naye" palibe amene angatsutse.

Mng'ono wanga ali moyo, ndipo ndisanabwere kuno ndinamupempha ngati ndingakambe za mwana wake. Anandiuza kuti ndikambe, ndipo ndisasiyeko kanthu. Ndakamba. Amene muli ndi mafunso, ine ndi alangizi tikhala pompano mpaka womaliza atafunsa.